Tsekani mpata wa Print Spooler akuba asanalande kompyuta yanu

Inu amene mumasamalira makompyuta m'maofesi, m'masukulu ndi m'mashopu osindikiza zikalata, tiyeni tikambirane za pulogalamu ya mu Windows yotchedwa Print Spooler. Ntchito yake ndi kulandira zikalata zopita ku printa n'kuziika pa mzere. Imayamba yokha kompyuta ikangoyaka, ndipo imayenda ndi mphamvu za SYSTEM, akaunti ya Windows mwiniwake, zoposa ngakhale za administrator.

Mu 2021 munapezeka mpata woopsa mu pulogalamuyi, umene unatchedwa PrintNightmare, nambala yake CVE-2021-34527. Munthu wa akaunti wamba, monga kalaliki kapena wophunzira, ankatha kupempha Spooler kuti iike driver ya printa (kapulogalamu kothandiza kompyuta kuyendetsa printa), pomwe fayiloyo inali pulogalamu yoononga. Spooler sinkafufuza mokwanira ngati wopemphayo ali ndi chilolezo, inkangoyendetsa fayiloyo ndi mphamvu zake zonse. Zili ngati mlonda wosunga makiyi a zipinda zonse amene akutumidwa ndi mlendo osamufunsa kuti ndi ndani. Wakubayo akafika pamenepo amadzipangira akaunti ya administrator, amawerenga mafayilo a aliyense, ngakhale kuwatseka n'kumafuna ndalama. Gulu la akuba a pa intaneti la Vice Society, limene linkavutitsa kwambiri masukulu, linagwiritsa ntchito mpata womwewu.

Yambani ndi ma update. Microsoft inatulutsa chigamba chadzidzidzi (update yotseka mpatawu) pa 6 July 2021, ndipo update ya mu August chaka chomwecho inachititsa kuti administrator yekha ndiye aziika driver ya printa. Ndikudziwa kuti bandulo ndi yodula ndipo ambiri mumazimitsa Windows Update kuti isamadye data, koma kompyuta yosalandira ma update ndi yosatsekeka. Ngati mukadali pa Windows 10, dziwani kuti thandizo lake laulere linatha pa 14 October 2025.

Chimene ndikuchilimbikitsa kwambiri ndi ichi: kompyuta imene sisindikiza isakhale ndi Spooler yoyaka, makamaka seva yosunga maakaunti a ofesi yonse. Tsegulani services.msc (mndandanda wa mapulogalamu oyenda okha mu Windows), pezani Print Spooler, dinani Stop, kenako pa Startup type sankhani Disabled. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Pa kompyuta imene imasindikiza pa printa yakeyake, mu Group Policy (poikira malamulo a kompyuta mu Windows) zimitsani "Allow Print Spooler to accept client connections" kuti ena pa netiweki asaifikire.

Chenjeraninso ndi amisiri amene amafuna kuchepetsa madandaulo a ogwira ntchito posintha Point and Print, njira ya Windows yoikira printa za pa netiweki, kuti aliyense aziika driver popanda chenjezo. Ngati mu registry (mosungira makonzedwe a Windows) NoWarningNoElevationOnInstall yaikidwa pa 1, mpata uja umatha kutsegukanso ngakhale chigamba cha mu July chilipo. Ibwezereni pa 0, ndipo ntchito za tsiku ndi tsiku aliyense azigwirira pa akaunti wamba, pasiwedi ya administrator isungidwe ndi anthu ochepa odalirika.