Bentonite akakana kufufuma, mthireni soda ash motere

Amene munaboolapo mjigo mukudziwa mmene zimawawira, mwathira matumba angapo a bentonite, dongo lija lopangira matope oboolera, mu thanki koma matope ake angoti pyapyalala ngati madzi otsukira mbale, dongo lonse lakhazikika pansi. Nthawi zambiri ndiye kuti dongolo ndi la calcium. Bentonite yense mkati mwake muli montmorillonite, timapepala tating'ono kwambiri tosanjikizana, ndiye pakati pa timapepalato pakakhala sodium madzi amalowa ndi kutikankha mpaka dongo kufufuma kangapo konse, pomwe calcium amatigwira zolimba osalola madzi ambiri kulowa. Ntchito yathu ndi kuchotsa calcium uja ndi kuikapo sodium basi.

Mankhwala ake ndi soda ash, amene ena amati sodium carbonate, osati soda wophikira ayi. Muyezo wake umakhala pakati pa 2 ndi 5 peresenti ya kulemera kwa dongo louma, koma chonde musamangothira mongoganiza chifukwa dongo limasiyana. Tengani masampulo anayi, thirani 2, 3, 4 ndi 5 peresenti muone lomwe layankha bwino.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Ufa wa soda ukangosakanizidwa ndi dongo louma gwaa palibe chimene chimachitika, pamafunika chinyezi. Sungunulani sodayo m'madzi, wazani pa dongo lophwanyaphwanya mpaka chinyezi chifike cha m'ma 30 peresenti, loti mukalifinya m'manja likuumbika koma osadontha madzi, kenako likandeni kwambiri kuti pasatsale zibuma zouma mkati. Mukatero liphimbeni ndi pulasitiki ligone masiku angapo, ine ndimakonda sabata yathunthu ngati ntchito sikuthamangitsa, chifukwa sodium amalowa pang'onopang'ono uku calcium akutuluka ndi kusanduka laimu wosasungunuka. Liumitseni koma osaliwotcha, moto wambiri umapha mphamvu yofufuma ija. Pomaliza lipereni lisalale, lidutse pa sefa ya 75 micron.

Kuyesa kwake sikovuta. Thirani madzi oyera 100 ml mu silinda yoyezera, tengani magalamu 2 a ufa muziwaza pang'onopang'ono, kudikira kaye kuti woyamba umire musanathire wina. Mawa lake mupeza pansi pali phala lofewa ngati jeli. La calcium silikwera kwenikweni, koma lomwe lagwira bwino soda limapitirira 20 ml. Amene muli ndi labu, muyezo wa API 13A, womwe amayesera dongo loboolera, umati magalamu 22.5 mu madzi 350 ml, viscometer, makina oyezera kulimba kwa matope, ikamazungulira ka 600 pa mphindi iwerenge 30 kapena kuposa, ndipo madzi osefeka kuchoka m'matopewo asapitirire 15 ml.

Soda wochuluka nayenso amaononga. Matope amachita timibulu, amaoneka olimba inde koma amataya madzi ambiri m'khoma la dzenje, khomalo n'kuyamba kugumuka.

Tsopano pa saiti, madzi osakanizira nawo amafuna chisamaliro, akakhala olimba okhala ndi calcium wambiri abweza ntchito yonse ija m'mbuyo. Yambani ndi soda ash pang'ono m'madzimo mpaka pH, muyezo wa asidi m'madzi, ifike 8.5 mpaka 9.5, kenako bentonite kudzera mu hopa, chifanulo chothirira ufa chija, pampu ikuzungulitsa, mpatseni mphindi 30 kapena kuposa amwe madzi, polima, mankhwala ena owonjezera m'matope, ndiye amabwera kumapeto. Mukayamba ndi polima amakuta dongo lija ndipo silifufumanso, ndalama zapita. Musanatsitse mapaipi yesani ndi fanulo ya Marsh, yoyezera nthawi yomwe matope amatenga kudutsamo, madzi okhaokha amatenga masekondi 26, ndiye matope anu akhale cha m'ma 35 mpaka 45 malinga ndi nthaka, mu mchenga wokhakhala kwezani pang'ono kuti azitha kunyamula zinyalala kutuluka nazo kunja.