Kuthandiza mwana kuzindikira za mumtima mwa anthu poona nkhope ndi pomva mawu

Luso lodziwa kuti munthu wakwiya, wakhumudwa kapena akuchita mantha limayambira m'khutu, maso amatsatira pambuyo. Koma luso la khutu lomwelo ndi limene limachedwa kukhwima. Choncho zoyenera kuchita zimasintha malinga ndi msinkhu wa mwana.

Khanda limabadwa likudziwa kale mawu a mayi ake, poti linkawamva lili m'mimba. Maso ake amakhala asanakhwime, moti limaona bwino chinthu chimene chili pamtunda wa masentimita 20 mpaka 30 basi. Polankhula nalo, yandikitsani nkhope yanu choncho, pamalo owala, mawu anu azikwera ndi kutsika. Mukanena kanthu, khalani kaye chete masekondi angapo kuti nalo liyankhe. Likakwanitsa milungu 6 mpaka 8 limayamba kubwezera kumwetulira.

Mu 2007, ofufuza Ross Flom ndi Lorraine Bahrick anapeza kuti makanda a miyezi 4 amasiyanitsa chimwemwe, chisoni ndi mkwiyo pokhapokha akamaona nkhope n'kumamvanso mawu nthawi imodzi. Pa miyezi 5 amatha kutero pomva mawu okha, ndipo poona nkhope yokha amayamba pa miyezi 7. Ndiye nkhope yanu ndi mawu anu zizinena chinthu chimodzi. Mukamamuletsa mwana kukhudza chinthu chotentha uku mukuseka, iye amaona ngati ndi masewera.

Chimene chimasokoneza khanda kwambiri ndi nkhope yosasonyeza kanthu. Edward Tronick, m'zaka za m'ma 1970, ankapempha amayi kuti angoyang'ana makanda awo duu, osamwetulira, osalankhula. Makandawo ankayesa kuwakopa, kenako ankayang'ana kumbali n'kuyamba kulira. Nkhope ya munthu amene wamira mu foni imaoneka chimodzimodzi. Palibe kholo limene lingayang'ane mwana tsiku lonse, ndipo n'kosafunika. Chofunika n'chakuti akakuitanani, mubwerere kwa iye ndi maso komanso mawu.

Akamayandikira chaka chimodzi, mwana amayamba kufunsa nkhope yanu asanachite kanthu. Mu 1985, James Sorce ndi anzake anaika ana a miyezi 12 patebulo lagalasi looneka ngati lili ndi dzenje pakati. Mayi akaonetsa mantha, palibe mwana amene ankawoloka. Akamwetulira, pafupifupi atatu mwa anayi alionse ankawoloka. Mwana akagwa pang'ono n'kukuyang'anani, akufuna adziwe ngati zachitikazo n'zoopsa. Mukakuwa, alira. Nkhope ya mantha muziisungira zoopsa zenizeni, apo ayi idzasiya kugwira ntchito.

Kuyambira zaka 2 mpaka 5 ntchito yaikulu ndi kutchula maina. Poyamba mwana amangodziwa magulu awiri: nkhope yosangalala ndi yosasangalala. Kenako amapatula chisoni ndi mkwiyo. Mantha, kudabwa ndi kunyansidwa zimabwera mochedwa, choncho musadandaule mwana wa zaka 4 akanena kuti munthu wonyansidwa wakwiya. Tchulani zinthu zitatu pamodzi: dzina la zimene munthuyo akumva, chizindikiro chake, ndi chifukwa chake. Mwachitsanzo, "Mnzako akumva chisoni. Taona milomo yake yagwa, chidole chake chathyoka." Zochitika zenizeni zimaposa zithunzi za nkhope zokokomeza, chifukwa anthu sakwiya ngati pachithunzi.

Nkhope zimene zimafanana muzimusonyeza pakalilole. Wodabwa ndi wamantha onse amatong'ola maso, koma wodabwa amakweza nsidze n'kuyasama momasuka, pamene wamantha nsidze zake zimakwera n'kuyandikana, milomo n'kukokeka cham'mbali. Wokwiya amatsitsa nsidze n'kumanga milomo. Wonyansidwa amakwinya mphuno n'kukweza mlomo wam'mwamba.

Pa mawu pali msampha umene makolo ambiri saudziwa. Mwana akaphunzira kulankhula, amayamba kukhulupirira tanthauzo la mawu kuposa kamvekedwe kake. Mukauza wa zaka 4 kuti "ndasangalala kwambiri" ndi mawu achisoni, iye amva kuti mwasangalala. Zimenezi zimasintha pang'onopang'ono mpaka cha m'ma zaka 10, n'chifukwa chake kulankhula monyogodola kwa mwana wamng'ono kumangomusokoneza. Pomuphunzitsa, mutembenuzeni asakuoneni, nenani liwu limodzi monga "wabwera" m'njira zosiyanasiyana, iye alote zimene mukumva mumtima. Yambani ndi chimwemwe ndi mkwiyo, mantha abwere pomaliza. Mufunseni chimene wamva: kodi mawu anali okweza, othamanga, onjenjemera? Mungathenso kuzimitsa mawu a filimu kuti aone nkhope zokha, kenako aphimbe maso amve mawu okha. Pa nkhope, ana ambiri amayandikira akuluakulu akamafika zaka 11, koma pa mawu amapitiriza kuphunzira mpaka paunyamata.

Mwana akamatsalira, yambani mwayezetsa makutu ndi maso. Madzi kapena mafinya a m'khutu obwerabwera amachititsa kuti asamve bwino mawu. Ngati pa miyezi 12 satembenuka mukamuitana dzina, kapena sakuyang'anani akakumana ndi chachilendo, pitani naye kwa dokotala wa ana, chifukwa zingakhale zizindikiro za autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa mwana kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi ena) ndipo thandizo loyambirira limapindula. Mwana amene wakhala akumenyedwa amafulumira kuona mkwiyo, ngakhale pankhope yosakwiya kwenikweni.

Paukalamba luso limeneli limachepako, makamaka pozindikira mkwiyo, chisoni ndi mantha, pamene nkhope yachimwemwe imazindikirikabe mosavuta. Makutu akayamba kufooka vutoli limakula. Polankhula ndi okalamba, khalani moyang'anizana nawo pamalo owala, chepetsani phokoso, ndipo ngati mwakhumudwa nenani ndi pakamwa.