Mukufuna pitbull kapena boerboel kuno ku Salima? Kasungidwe kake koti musadane ndi mudzi wonse

Masiku ano aliyense amene wamanga kanyumba ka fensi ku Kamuzu Road kapena cha ku Senga Bay akufuna galu wa mtundu, ndipo pa WhatsApp ndi pa Facebook pangodzaza zithunzi za tiana ta pitbull, rottweiler, boerboel, German shepherd, mitengo yake yoti munthu ukaimva umayamba wakhala kaye pansi. Mbali inayi maneba akangomva zoti kwa uje kwabwera pitbull basi ana aletsedwa kudutsa njira imeneyo, ena mpaka kukadandaula kwa amfumu galuyo asanauwe nkomwe. Wogula ndi woopa onse maso ali pa dzina la galu, pomwe nkhani yeniyeni ili pa kasungidwe. Nde tiyeni tikambirane za kasungidweko, koma kaye mudziwe komwe mantha amenewa akuchokera chifukwa maneba adzakufunsani ndithu.

Ku Britain mu 1991 anakhazikitsa lamulo lotchedwa Dangerous Dogs Act lomwe linaletsa mitundu inayi, pit bull terrier, Japanese Tosa, Dogo Argentino ndi Fila Brasileiro. Pambuyo pake anawonjezerapo mtundu wina wotchedwa XL Bully, moti kuyambira pa 1 February 2024 ku England ndi ku Wales kukhala ndi galu ameneyu popanda chiphaso chapadera ndi mlandu, ndipo olo chiphasocho ukhale nacho galuyo ayenera kufulidwa, poyenda naye pagulu akhale pachingwe pakamwa patatsekedwa. Chigawo cha Ontario ku Canada chinaletsa ma pitbull mu 2005. Ku South Africa, komwe boerboel anachokera, mu 2022 anthu ambirimbiri anasainira pempho loti boma liletse ma pitbull ana atafa polumidwa. Koma palinso ena amene anayesa nkubwerera mmbuyo. Netherlands inaletsa ma pitbull mu 1993 nkudzachotsa lamulolo mu 2008 itaona kuti anthu olumidwa sakuchepa, Italy nayo inalemba mitundu 92 ya agalu oopsa mu 2003, pofika 2009 mndandanda wonse anautaya nkunena kuti udindo ukhale pa mwini galu.

Ine ndili mbali ya a Italy, ndinene poyera. Ku America kafukufuku amene anatuluka mu 2013 anaunika imfa 256 za anthu olumidwa ndi agalu pakati pa 2000 ndi 2009, ndipo mtundu weniweni wa galu anatha kuutsimikiza pa nkhani 45 zokha. Zomwe zimabwerezabwereza ndi izi, panalibe munthu wamphamvu pafupi woti nkulanditsa, galuyo anali wosafula, ndiponso anali galu wongosiyidwa kuseri osazolowerana ndi anthu apakhomo. Zonsezi zili mmanja mwa mwiniwake. Komabe musanamizidwe kuti mtundu ulibe ntchito olo pang'ono. Zoti nsagwada za pitbull zimakhoma zokha akaluma ndi bodza, nsagwada zake nzofanana ndi za galu wina aliyense, koma mphamvu ali nazo ndipo akagwira sataya msanga. Boerboel wamphongo amapitirira makilogalamu 60. Kagalu kakumudzi kakalakwitsa ndi bala la pamwendo, chigalu ngati chimenecho chikalakwitsa pa mwana wa zaka zinayi ndi maliro. Nde mukasankha galu wamkulu mwasankhanso ntchito yaikulu.

Yambani ndi mpanda galu asanabwere. Mpanda wa udzu kapena wa bango uja ndi wotchingira maso a anthu basi, galu wamphamvu amangoboola. Pamafunika wa njerwa kapena waya wolimba, wautali bwino cha mmamita awiri, ndipo pansi pake muthire simenti kapena mukwirire miyala poti agalu amakumba. Geti ndi pamene ngozi zambiri zimayambira, wina watumidwa ku chigayo wasiya posatseka, wa kabaza wabwera kudzatsitsa katundu, galu watulukira pamenepo. Ikani loko yemwe mwana sangatsegule, ndipo ngati mungathe pangani kakhola kena mkati koti muzimutsekeramo geti lisanatsegulidwe. Lembani pageti kuti muli galu, mu Chichewa, osati chingerezi chokha. Amene muli pa lendi ndipo mukugawana bwalo ndi mabanja ena, pepani, galu wotere si wanu panopa, dikirani mudzamange yanu.

Pogula musangotumiza ndalama pa foni kagalu nkubwera mkatoni pa minibasi. Pitani mukaone make ali pakhomo pake. Ngati make akunjenjemera, kubisala kapena kulusa moti mwiniwake yemwe akulephera kumugwira, bwererani ndi ndalama zanu, khalidwe limatsata mtundu wa pabanja kuposa dzina lolembedwa pa chithunzi. Kagalu kasachoke kwa make kasanakwane masabata 8, poti ndi kwa make ndi abale ake komwe kamaphunzira kuti kuluma kwambiri kumapweteka. Ndipo zodula makutu kuti azioneka woopsa zisiyeni, palibe chomwe zimathandiza kupatula kuwonjezera mantha kwa maneba.

Tsopano apa ndi pamene ambiri timaphonya. Pali chikhulupiriro choti galu kuti akhale wolusa umutsekere mkakhola ka mdima tsiku lonse asaone munthu, ena amamuthirira tsabola mchakudya, ena chamba, ena kumumenya dala. Galu wotero sakhala mlonda, amakhala wamantha, ndipo galu wamantha sasiyanitsa wakuba ndi mdzukulu wanu amene wabwera ku holide. Nthawi yofunika kwambiri ndi kuyambira masabata atatu mpaka cha mma 14, zomwe kagalu kaona mwamtendere nthawi imeneyo sikadzaziopa kakakula. Kaone ana akusewera, azimayi atasenza ndowa, njinga, njinga zamoto, mbuzi, nkhuku, munthu wa ndodo, munthu wovala chipewa, mlendo akabwera mupatseni kachidutswa ka usipa akapatse yekha. Anthu amaopa kuti akazolowera anthu sadzalondera, ayi ndithu, kulondera kuli mmagazi, usiku munthu akakwera mpanda adzauwa basi. Chomwe mukumuphunzitsa nchakuti asamaone mdani paliponse.

Muphunzitseni mawu ochepa, bwera, khala, siya, ndipo nonse pakhomo muzigwiritsa mawu omwewo. Mphindi zisanu kapena khumi patsiku zikwana, akachita bwino mupatseni kanthu pompo. Liwu loti siya limenelo ndi limene lidzapulumutse nkhuku ya aneba tsiku lina. Tcheni cha tsiku lonse ayi, galu womangidwa pamtengo sangathawe chomwe akuopa nde amangosankha kuluma. Ndipo kutentha kwa kuno mukukudziwa, mwezi wa October masana mchenga umawotcha mapazi, galu wa mphuno yaifupi ndi thupi lalikulu amavutika kupuma, choncho mthunzi ndi madzi zisasowe ndipo kuyenda naye kukhale mmamawa kapena dzuwa litapepa. Poyenda akhale pachingwe cholimba, wogwira akhale wamkulu osati mwana, ndipo malo odzaza anthu ngati kumsika kapena pagombe pomwe asodzi akutsitsa nsomba muvekeni chotseka pakamwa chija amati muzzle, chamtundu wa kadengu choti azitha kupuma ndi kutulutsa lilime. Muzoloweretseni kunyumba kaye pang'onopang'ono.

Za katemera musachite nazo ulesi. Kuno chopha anthu kwambiri pa nkhani ya agalu ndi chiwewe, ndipo chiwewe sichifunsa kuti uyu ndi rottweiler kapena galu wosaka mbewa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka munthu sachira. Kagalu kakakwana miyezi itatu kabayitseni kwa a vetenale ku ofesi ya zaulimi, muzibwereza chaka ndi chaka, ndipo khadi lake mulisunge pamodzi ndi mapepala ofunika a pakhomo poti tsiku la vuto limenelo ndi loya wanu. Pa 28 September ndi tsiku lokumbukira za chiwewe padziko lonse, nyengo imeneyo muzitchera khutu za katemera wa mmadera. Funsaninso za katemera wa parvo, matenda otsegula mmimba mwa magazi aja amene amamaliza tiagalu todula, komanso mankhwala a njoka zammimba ndi nkhupakupa. Ngati simukuweta kuti muzigulitsa ana, mfuleni wamphongoyo, wamkazi amutseke asabereke, zimachepetsa kuyendayenda ndi ndewu za nthawi yokwerana. Ngati kuno zavuta, a bungwe losamalira nyama la LSPCA ku Lilongwe amachita zimenezi, ndi ulendo wa pa M14 pompa.

Maneba musawadikire adzadandaule, pitani ndinu. Auzeni kuti mwabweretsa galu, aonetseni khadi, apatseni nambala yanu. Kumbukiraninso kuti kuno tili ndi abale athu achisilamu ambiri amene kwa iwo malovu a galu ndi odetsa, nde zomusiya galu azinunkhiza alendo uku inu mukuti saluma ameneyo nzosapatsa ulemu, mutsekereni mlendo asanalowe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, choncho ana a pafupi auzeni zomwe mumauza anu, osamuyandikira akudya, akugona kapena ali ndi ana, osamukwera pamsana, akakuthamangira osathawa koma ima chilili manja pathupi osamuyang'ana mmaso. Mwana wamng'ono asatsale yekha ndi galu olo mphindi imodzi, olo galuyo akhale wofatsa bwanji. Galu akauma thupi, kuonetsa mano kapena kulira chapakhosi, akukuchenjezani, chotsani mwanayo ndipo musamumenye galuyo chifukwa chochenjeza, mukatero ulendo wina adzaluma osachenjeza.

Zikachitika kuti waluma munthu, zokangana kuti analakwa ndani zibwere pambuyo. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, osathirapo zitsamba, osawotcha ubweya wa galu nkupakapo, kenako tsiku lomwelo mutengereni ku chipatala cha boma cha Salima kapena chapafupi khadi la katemera lili mmanja, ndipo a vetenale adziwitsidwe. Galuyo musamuphe ndi mkwiyo, mutsekereni masiku 10 azimuona, akakhala bwinobwino masiku onsewo ndiye kuti sanapatsire chiwewe pa kuluma kumeneko, koma jekeseni achipatala akanena kuti ayambe asadikire masiku amenewo. Thiransipoti ndi zolipira zonse ndi zanu inu mwini galu, perekani musanafunsidwe, chifukwa nkhani ikakafika kupolisi kapena kukhoti funso loyamba lidzakhala loti galuyo anatuluka bwanji pageti.