Momwe mungagawire malo a m'mudzi mwanu a migodi asanafike

Kuno ku Mangochi timangodzidzimuka galimoto yaima anthu atsika ndi makina oyezera, mawa lake tikumva kuti malo apita. Ku Makanjira nkhani ya mgodi wa mchenga yamveka kwa zaka, kwina ndi kwale, kwina malodge akutseka gombe. Chitukuko ine sindikana ayi, anyamata athu akufuna maganyu, koma mudzi uyambe wagwirizana wokha kuti apa pakumbidwe apa ayi.

Choyamba pemphani amfumu aitanitse msonkhano, a VDC (komiti ya chitukuko cha m'mudzi) abwere, a BVC (komiti ya kugombe yoona za usodzi), komiti ya zachilengedwe, ndipo azimayi asakhale kumbuyo poti ndi amene amadziwa kochokera nkhuni ndi madzi. Jambulani mapu padothi pansi pa mtengo wa mango, miyala ikhale nyumba, masamba nkhalango, phulusa mtsinje, kenako wina ajambule pafoni mudzakopere papepala lalikulu.

Mukatero yambani ndi malo osakhudza, apa musathamange. Manda, akasupe, nkhalango ya m'mudzi, mabango a kugombe momwe tiana ta nsomba timabisala, amene anaona m'mene chambo chinathera ku Malombe sangatsutse zimenezi. Ngati muli kwa Nankumba kumbukirani kuti Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo mu 1984 UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse makamaka kamba ka nsomba za mbuna, alendo aku Cape Maclear aja amatsata zomwezo. Oyandikana ndi nkhalango zotetezedwa za Namizimu, Phirilongwe kapena Mangochi Forest Reserve yomwe a bungwe la African Parks anayamba kuyang'anira mu 2018, malire musangoganizira, itanani a zankhalango akulozereni.

Malo otsalawo ndiye gawani, minda, msipu, poumba njerwa, pokumba mchenga, koma kutali ndi mtsinje.

Kampani ikafika musasaine tsiku lomwelo ngakhale abwere ndi ma drink ndi alawansi. Funsani laisensi, funsaninso lipoti la ESIA (kafukufuku wa m'mene ntchitoyo idzakhudzire chilengedwe ndi anthu) lomwe a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, avomereza malinga ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, akufotokozereni m'Chiyao kapena m'Chichewa. Afunseni kuti maenje adzakwirira ndani, madzi akuda adzapita kuti, chipukuta misozi chidzaperekedwa liti, mayankho alembedwe.

Mapu aja amfumu ndi agulupu adindepo, pepala lina lipite ku ADC (komiti ya chitukuko cha dera) ndi kukhonsolo, lina musunge m'mudzi mu pulasitiki chiswe chisadye.