Tengani mwana, mupite naye ku laibulale

Mdzukulu wanga wamkazi ali ndi zaka 9. Ndikamulankhula m'Chichewa amandiyankha m'Chishona, ndipo tsiku lina ndikuomola nsima nditamuuza kuti andipatsire chipande, anangoima chilili n'kumandiyang'ana. Zinandiwawa mumtima. Bambo anga anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya n'kudzakhazikika ku Highfield, muno mu Harare, ndipo m'nyumba mwathu munkamveka Chichewa chokhachokha. Malamulo aakulu a dziko lino la Zimbabwe a 2013 amatchula chilankhulo chathu pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma mdzukulu wanga sankadziwa chipande. N'chifukwa chake ndinayamba kupita naye ku laibulale Loweruka, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene timachitira.

Yambani ndi yapafupi. Khonsolo ya mzinda ili ndi malaibulale m'malokeshoni, monga kwathu kuno ku Highfield, ndipo mwana sachedwa kuzolowera malo amene amafikako wapansi. Koma tsiku lina mumukweze kombi akaone yaikulu ya m'tauni, Harare City Library, imene ili ku Rotten Row pafupi ndi nyumba yosungirako zinthu zakale. Inayamba mu 1902 ikutchedwa Queen Victoria Memorial Library. Makolo athu ankangoidutsa panja akupita ku ntchito za m'mayadi. Ife tikhoza kulowa. Doris Lessing, mayi wolemba mabuku amene anakulira pafamu m'dziko muno n'kudzapata mphoto ya Nobel mu 2007, anasiyira laibulale imeneyi mabuku ake oposa 3,000 atamwalira mu 2013. Ndinamuuza mdzukulu wanga zimenezi tili pakhomo, ndipo analowa akuyenda monyang'ama ngati akulowa m'tchalitchi.

Tsiku loyamba nyamulani chitupa chanu, kapepala kosonyeza kumene mukukhala, monga ka madzi kapena ka magetsi, ndi kandalama kolembetsera. Funsani mtengo wa mwana ndi wa wamkulu, chiwerengero cha mabuku amene mungabwereke, ndiponso tsiku lobweza. Tsiku limenelo mukalilembe pakalendala ya kukhitchini, chifukwa buku likachedwa pamakhala chindapusa. Ine ndinasoka kathumba ka nsalu, mkati ndinaikamo pulasitiki, popeza mvula ya mu Disembala sichenjeza. Kathumbako kamakhala pamsomali, kutali ndi mbaula ndi manja a mafuta.

Mukalowa musachite manyazi ndi ogwira ntchito. Mawu akuti "ndikufuna buku labwino" sawathandiza. Auzeni zaka za mwana, kalasi yake, ndi zimene amakonda, kaya ndi nyama, mpira kapena ndege. Mabuku a nkhani zopeka amaikidwa motsata dzina la bambo la wolemba. Enawo, m'malaibulale ambiri, amatsata manambala a Dewey olembedwa kumsana kwa buku: mbiri ya Zimbabwe ili pa 968.91, ya Malawi pa 968.97. Nambala yachiwiriyi muisunge pamtima. Ine ndinakhala zaka zonsezi osadziwa kuti kwathu kuli ndi malo ake pashelefu.

Posankha, mulekeni mwana atole yekha buku limodzi, ngakhale muone kuti n'lachibwana. Linalo musankhe ndinu. Timatsegula tsamba lapakati, iye n'kuwerenga mokweza pang'ono, ine ndikupinda chala pa mawu alionse amene wapunthwa. Zala zisanu zikatha tsamba lisanathe, bukulo timalibwezera, lidikire chaka chamawa.

Kwa ana a sekondale, buku limene ndimalimbikitsa kuposa onse ndi The Boy Who Harnessed the Wind la William Kamkwamba, lotuluka mu 2009. Ndi nkhani yoona ya mnyamata wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene analeka sukulu nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa chosowa fizi. Ankapita kukabwereka mabuku ku kalaibulale kakang'ono ka kwawoko, ndipo zithunzi za m'mabukumo n'zimene zinamuthandiza kupanga makina oyendera mphepo opereka magetsi, pogwiritsa ntchito zidutswa za njinga ndi zitsulo zotayidwa. Muli gaga, muli chimanga, muli mawu athu apa ndi apo, ndipo mwana wobadwira kuno amafunsa mafunso mpaka usiku. Mnyamata wa mlongo wanga atalimaliza anafuna kudziwa ngati Kasungu ili pafupi ndi Dedza, ndipo tinakatsegula mapu. Atsikana apatseninso Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga, la 1988, lonena za Tambu ndi ludzu lake la sukulu. Limeneli muyambe mwaliwerenga nokha kuti mudzakambirane.

Vuto ndi mabuku a Chichewa. Muno mu Harare ndi osowa, ndipo m'nyumba zambiri za anthu akwathu mupezamo Baibulo ndi buku la nyimbo basi. Choncho aliyense amene akukwera basi yopita ku Malawi yodzera ku Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, musamangomutuma nsalu ndi usipa. Mumutumenso buku. Itanitsani Nthondo la Samuel Josia Ntara, lotuluka mu 1933, komanso Sikusinja ndi Gwenembe kapena Kukula ndi Mwambo a John Gwengwe. Akapeza timabuku ta ana a pulayimale, atengenso. Ngati ndalama ilipo agule awiri, limodzi la kunyumba, lina mukalipereke ku laibulale ya kwanu kuti ana ena alipeze.

Ponena za zochitika, werengani bolodi la zidziwitso nthawi iliyonse mukalowa, makamaka sukulu zikatsala pang'ono kutsekera, ndipo funsani ngati pali nthawi yowerengera ana nkhani. Ngati palibe ya chilankhulo chathu, iyambitseni ndinu. Ife tinayamba amayi anayi a mvano. Pitani kwa woyang'anira ndi pempho lolembedwa, lonena tsiku, ola, chiwerengero cha ana ndi akuluakulu owayang'anira. Akakupatsani kangodya, thokozani. Malo akasowa, bwerekani mabuku mukakhale pansi pa mtengo kutchalitchi. Musapitirire ola limodzi, ndipo ana asapose khumi ndi awiri, apo ayi phokoso lidzakuthamangitsani.

Timayamba ndi zilape kuti malilime amasuke. Wina amati "Chilape!", ana n'kuyankha "Nachize!" Kenako nthano imodzi, ya Kalulu kapena ya Fulu, yoyamba ndi "Padangotero" ana akuvomera "Tili tonse." Tikatero timawerenga masamba awiri okha m'buku, pang'onopang'ono, chala chili pansi pa mawu. Mwana akasakaniza ndi Chishona musamuseke kapena kumukalipira. Bwerezani chiganizo chake m'Chichewa ndipo pitirizani, chifukwa mwana wosekedwa sabweranso. Pomaliza aliyense amalemba mawu atatu atsopano m'kope lake kuti akafunse agogo ake kunyumba.

Kope la mdzukulu wanga lafika tsamba lachisanu ndi chiwiri. Loweruka lapitali analembamo "mthiko", "nkhokwe" ndi "dowe", ndipo wandipempha kuti sabata ino ndimulole ayambitse yekha chilape.