Musanalipire ejenti, onani ngati khomo lija likadali lotsegula

Achinyamata ambiri akabwera kudzafunsa za ntchito zakunja, funso lawo limakhala limodzi: ndi dziko liti limene likulemba anthu panopa? Ine ndimayamba ndawafunsa kuti uthenga umene ali nawowo ndi wa chaka chiti. Malamulo olowera m'mayiko olemera akusintha msanga kuposa mmene mphekesera zimayendera pa WhatsApp, ndipo ena amagulitsa katundu wawo pothamangira khomo limene linatsekedwa kale.

Taonani za ku Britain. Kwa zaka zingapo, ntchito yosamalira okalamba ndi odwala ndiyo inali njira yolowera anthu ambiri ochokera ku Africa ndi Asia. Mu Malichi 2024 boma la dzikolo linaletsa olowa pa ntchitoyi kubweretsa mabanja awo, ndipo mu Julaye 2025 linasiyiratu kupereka viza kwa anthu atsopano ochokera kunja ofuna ntchito imeneyi. Malipiro ochepetsetsa ofunika pa viza ya antchito aluso yotchedwa Skilled Worker nawo anakwera mu Epulo 2024, kuchoka pa £26,200 kufika pa £38,700 pachaka. Ndiye wina akamakuuzani lero kuti ali ndi malo a ntchito yosamalira okalamba ku London, mukhoza kudziwiratu kuti akukugulitsani mphepo.

Kwina khomo likutsekeka, kwina likutseguka. Germany, chifukwa chosowa anthu aluso, inayamba mu Juni 2024 kupereka chilolezo chotchedwa Chancenkarte. Munthu amene maphunziro ake ndi ovomerezeka amaloledwa kukhala m'dzikolo mpaka chaka chimodzi akufufuza ntchito, uku akugwira maganyu osapitirira maola 20 pa sabata. Koma amafuna muonetse kuti muli ndi ndalama zodzisamalira, komanso, kwa ena, kuti mumadziwako Chijeremani kapena mumalankhula bwino Chingerezi. Zonsezi zinalembedwa pa webusayiti ya boma lawo, ndipo kuwerenga n'kwaulere.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Ntchito yeniyeni imasiya mapazi m'mabuku a boma la dziko limene mukupitalo. Ku Britain, kampani singalembe mlendo ngati ilibe layisensi, ndipo mayina a makampani onse okhala ndi layisensiyo amaikidwa poyera pa webusayiti ya boma ya gov.uk. Dzina la kampani yanu likasowa pamenepo, nkhani yathera pomwepo. Likapezeka, musakhutirebe, pakuti akathyali amabwereka mayina a makampani enieni. Pezani nokha nambala kapena imelo ya kampaniyo pa webusayiti yake, osati imene wakupatsani ejenti, n'kufunsa ngati akukudziwani. Kampani yaikulu imene ikukulemberani kuchokera pa adiresi ya Gmail, kapena imene yakupatsani ntchito popanda kukufunsani mafunso ngakhale pa vidiyo, ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga ndalama za ejenti? Pangano nambala 181 la ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, la mu 1997, limati mabungwe opezera anthu ntchito asamalipiritse wofuna ntchito. Wolipira ndi bwana amene akufuna antchito. Si mayiko onse amene anavomereza panganoli, n'chifukwa chake muziona ngati ejentiyo analembetsedwa ku unduna wa zantchito, ndipo chilichonse chimene mwalipira chikhale ndi lisiti. Amene akuti mutumize ndalama lero lomwe chifukwa malo atsala awiri, akufuna musapeze nthawi yoganiza.

Kontirakiti muiwerenge musanakwere ndege, m'chilankhulo chimene mumamva. Muone malipiro, maola, tsiku lopuma, amene adzalipire tikiti yobwerera, ndiponso zimene zingachitike mutafuna kusiya ntchito. Mfundo yomalizayi ndi yaikulu m'mayiko a Aluya a ku Gulf monga Qatar, kumene dongosolo la kafala limamangirira chilolezo chanu chokhala m'dzikomo kwa bwana wanu. Qatar inafewetsako mu 2020 polola antchito kusintha ntchito popanda kalata ya bwana, n'kuika malipiro ochepetsetsa a 1,000 riyal pamwezi, koma wogwira ntchito ya m'nyumba amakhalabe kuseri kwa mpanda kumene maso a boma safikako kawirikawiri. Chinyengo chodziwika n'chakuti mukafika amakusainitsani kontirakiti ina ya malipiro otsika. Sungani yoyambayo.

Ndipo musalole kupita pa viza yokaona malo ndi lonjezo lakuti mapepala akakonzedwa mukafika. Umu ndi mmene anthu ambiri anakodwera ku Myanmar ndi Cambodia. Anaitanidwa ku ntchito zapakompyuta za malipiro okoma, ena kudzera ku Bangkok, likulu la Thailand, kenako anapezeka atatsekeredwa m'mipanda, akukakamizidwa kubera anthu pa intaneti. Mu 2023 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inati anthu osachepera 120,000 ku Myanmar ndi pafupifupi 100,000 ku Cambodia akhoza kukhala ali m'malo otere. Ambiri mwa iwo ndi ophunzira ndithu, odziwa zilankhulo zingapo.

Za mapepala anu ndinena mwachidule. Satifiketi yanu iyenera kuvomerezedwa kaye kumene mukupitako. Ku Canada, olowera pa Express Entry, njira ya boma yolandirira antchito aluso, amayesetsa maphunziro awo ku mabungwe ounika masatifiketi onga WES, ndipo namwino wofuna ntchito ku Britain amalembetsa ku NMC, bungwe loyang'anira anamwino, atakhoza mayeso awo. Zotsatira za mayeso a Chingerezi a IELTS zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, choncho musathamangire kulemba mayesowa zina zonse zisanakonzeke. CV ikhale yaifupi, yogwiritsa ntchito mawu amene ali m'chilengezo cha ntchitoyo, poti m'makampani ambiri akuluakulu imayamba yasefedwa ndi kompyuta munthu asanaione.

Tsiku lonyamuka likayandikira, jambulani pasipoti, viza ndi kontirakiti, musiyire wachibale amene mumamukhulupirira, zina muzisunge mu imelo yanu. Lembani papepala nambala ya ofesi ya kazembe wa dziko lanu imene ili pafupi ndi kumene mukupita, chifukwa foni ikhoza kulandidwa. Pasipoti ikhale m'manja mwanu. Bwana akaifuna pokonza mapepala, mufunseni tsiku lobweza, ndipo wachibale uja mumuuze tsiku lomwelo.