Kusungira mwana ndalama za ku yunivesite: mmene timachitira ku Chibavi

Ndine mlembi wa gulu lathu la banki mkhonde kuno ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, ndipo mayi akandifunsa za fizi ya yunivesite ndimayamba ndamupatsa kope ndi cholembera. Lembani zonse zimene mwana adzafune pachaka. Fizi ndi mbali imodzi chabe. Akasankhidwa ku Mzuni (yunivesite ya Mzuzu) n'kusowa malo ogona pasukulupo, mudzamulipirira lendi ku Luwinga, kuonjezera chakudya, makala, laputopu, bandulo ndi zofotokopa. Akapita ku MUBAS ku Blantyre kapena ku MUST ku Thyolo, ikanipo ndi basi yopita ndi kubwera. Mitengo muifunse kwa kholo limene mwana wake ali kumeneko chaka chino.

Mukatero ganizirani za kwacha. Mu May 2022 idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Amene adasunga ndalama mu chitini kapena kungoisiya mu Mpamba ndi Airtel Money adaipeza ili yomweyo, koma yogula zochepa. Choncho ndalama ya mwana izikhala pamalo pamene ikuswa, ndipo malowo amatengera zaka zimene zatsala.

Ngati mwana akadali wa kumkaka kapena wangoyamba pulayimale, ine ndimalimbikitsa mitengo. Muli ndi kamunda kumudzi, ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay? Dzalani paini. Amafuna zaka zoposa 15 kuti acheke matabwa abwino, ndiye musadzale mwana ali Fomu 2 n'kumayembekeza kudzalipirira chaka choyamba. Mdani wake ndi moto wa m'chilimwe, monga tonse timaonera ku Chikangawa, choncho lambulani njira yotchinga moto chaka chilichonse udzu usanaume, ndipo malowo akhale odziwika kwa amfumu, abale asadzati ndi a tonse. Mbuzi nazo zimathandiza, bola woweta akhale munthu amene sadzakuuzani kuti zonse zidagwidwa ndi fisi.

Mwana akafika kusekondale, yambani kusandutsa katunduyo ndalama yosavuta kutenga. Pali SACCO (bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama kwa mamembala ake), pali akaunti yotsekera ndalama kwa miyezi ingapo kubanki, palinso ma treasury bill (kubwereka boma ndalama kuti lidzabweze ndi chiwongoladzanja) a masiku 91, 182 ndi 364, amene mungagule kudzera kubanki yanu. Funsani chiwongoladzanja ndi msonkho umene adzadule, kenaka muyerekeze ndi mmene zinthu zikukwerera pamsika.

Banki mkhonde ndimaikonda, koma ili ndi msampha wake. Timagawana kumapeto kwa chaka, nthawi imene feteleza, Khirisimasi ndi yunifomu zonse zili pakhomo. Gawo la mwana lichoke m'manja tsiku logawana lomwelo, lisagone m'nyumba. Likagona, m'mawa mlamu wafika ndi vuto.

Ngongole ya boma ya ophunzira iliko, imaperekedwa ndi bungwe la HESLGB, koma sapatsa aliyense wopempha ndipo mwana adzabweza akamaliza. Muiwerenge ngati chothandizira basi.

Tsopano za digiri ya pa intaneti, imene makolo ambiri akuiyang'ana chifukwa mwana amakhala pakhomo, osalipira lendi, mwinanso akugwira ntchito. Njira yapafupi ndi ODeL (maphunziro a patali) ya ku Mzuni komweko: wophunzira amawerenga ali kwawo, n'kumapita kukakumana ndi aphunzitsi ndi kukalemba mayeso pa nthawi zoikika. Fizi yake mumalipira m'makwacha, ndipo kwa ine chimenechi n'chachikulu. Sukulu zakunja monga UNISA ya ku South Africa n'zodziwika, koma kulipira kwake n'kwa ndalama zakunja, ndiye kwacha ikagwa fizi yakwera usiku umodzi, komanso kupeza ndalama yakunjayo kubanki si nkhani ya tsiku limodzi. University of the People imati maphunziro ndi aulere, komabe pali ndalama ya mayeso pa phunziro lililonse, m'madola. Werengerani maphunziro onse mpaka kumaliza musanasangalale.

Musanatumize ngakhale ndalama ya fomu, fufuzani ku NCHE, bungwe la boma loyang'anira sukulu za ukachenjede, ngati sukuluyo ndi pulogalamuyo n'zovomerezeka. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma pulogalamu imene mwana akufuna isanavomerezedwe, ndipo pepala lotere abwana amalibweza. Sukulu imene ikulonjeza digiri m'miyezi yowerengeka, osafunsa n'komwe ngati mwana ali ndi makirediti asanu ndi limodzi a MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ithaweni.

Muone ndi mwanayo. Pa intaneti palibe belu, palibe womudzutsa. Ngati homuweki amalemba pokhapokha mutaima pambuyo pake, musungireni za lendi apite akakhale m'kalasi. Ngati ndi wodziyendetsa yekha, mu bajeti ija ikanimo kasola kakang'ono kotchajira laputopu, chifukwa tsiku lotumiza asayimenti silisuntha poti magetsi azima.